Moyo n'chiyani? Mafunso a chaka choyamba cha bayoloji

Ophunzira unamwino, udokotala, ulimi ndi uphunzitsi wa sayansi onse amalowera khomo limodzi: bayoloji ya chaka choyamba. Buku lake limakhala lochindikala, lodzaza mayina achilatini ndi achigiriki, ndipo ambiri akaliona amangoti basi, apa n'kuloweza. Kuloweza kuli ndi malo ake, koma mfundo zimene zanyamula phunziro lonseli n'zowerengeka ndi zala: selo, mphamvu, chibadwa, kusintha kwa zamoyo, ndi njira imene timadziwira zonsezi. Amene wagwira zimenezi, mayina aja sadzamuvutanso.

Kodi chamoyo timachisiyanitsa bwanji ndi chopanda moyo?

Funsoli limaoneka la mwana wa sitandade wani. Mbuzi ndi yamoyo, mwala si wamoyo. Koma tayesani kunena chifukwa chake. Mukati chamoyo chimayenda, mlambe ukutsutsani, pamene madzi a mu Shire akuyenda usana ndi usiku. Mukati chimadya n'kukula, moto wolusa m'tchire umachita zomwezo: umadya udzu, umafuna mpweya, umakula, umadumpha msewu n'kukayambitsa unzake kutsidya. Mukati chimabereka, nyulu, yobadwa kwa bulu ndi hatchi, siibereka, koma palibe anganene kuti ndi yakufa.

N'chifukwa chake akatswiri sadalira chizindikiro chimodzi. Amafuna zingapo zipezeke pamodzi. Chamoyo chimapangidwa ndi maselo. Chimatenga mphamvu kunja n'kuzigwiritsa ntchito mkati. Chimadzisunga mkati mwake kuti mukhale chimodzimodzi ngakhale kunja kusinthe, monga thupi lanu limakhalira pa madigiri pafupifupi 37 kaya muli ku Nsanje mu Okutobala kapena ku Dedza mu Juni. Chimamva zochitika pamene chili n'kuchitapo kanthu. Chimasiyira ana ake malangizo olembedwa mu DNA, ndipo mtundu wake umasintha pakapita mibadwo. Moto ulibe selo, ndipo ulibe cholembedwa chilichonse chosiyira moto wa mawa. Umagwera pamenepo.

Njere youma ya chimanga ndiye imapusitsa mbali inayo. Siyenda, siikula, koma ili moyo, ikupuma pang'onopang'ono kwambiri. Mbewu yokhalitsa imamera mwa apo ndi apo chifukwa njere zina zinafera m'thumba momwemo.

Nanga mavairasi, monga HIV kapena kachilombo ka Covid-19, ndi amoyo?

Vairasi ndi kaphukusi ka DNA kapena RNA kokutidwa ndi puloteni. Ilibe selo, siidya, siipuma, ndipo ikakhala payokha palibe chimene ingachite. Ikalowa mu selo imalanda zipangizo za selolo kuti lizipanga mavairasi atsopano. HIV imachita zimenezi m'maselo a CD4, vairasi ya chitopa m'maselo a nkhuku. Mabuku ambiri amaiika kunja kwa zamoyo chifukwa chosowa selo. Komabe ili ndi majini, imachulukana ndipo imasintha, monga tinaonera pa Covid-19 Delta ikubwera, kenako Omicron. Pamayeso lembani zimene buku lanu likunena, koma dziwani kuti akatswiri eni ake sanamvane mpaka lero.

N'chifukwa chiyani aphunzitsi onse amayambira pa selo?

Mu 1665 Robert Hooke wa ku London anasenga kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo wa cork, n'kukayang'ana pa maikulosikopu. Anaona timabokosi tandondozana, amene anali makoma a maselo akufa. Patapita zaka pafupifupi khumi, Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa ku Delft amene ankapera yekha magalasi ake, anaona tizamoyo tikusambira m'dontho la madzi, ndipo pambuyo pake anatipezanso mu zokanirira za m'mano mwake. Panapitanso zaka zoposa 150 anthu asanamvetse zimene ankaonazo. Mu 1838 Matthias Schleiden ananena kuti zomera n'zopangidwa ndi maselo, mu 1839 Theodor Schwann ananena zomwezo za nyama, ndipo mu 1855 Rudolf Virchow anafalitsa mfundo yachitatu, yakuti selo lililonse limachokera ku selo lina.

Yachitatuyi ndi imene inavuta kulandira, ndipo ambiri sanailandirebe. Funsani pamudzi kumene anankafumbwe amachokera. Mudzamva kuti amabadwa m'chimanga momwemo: “Ndinaika choyera bwinobwino, thumba ndinasoka ndekha, lero chafumbwa.” Anthu a ku Ulaya nawonso ankakhulupirira kuti mphutsi zimabadwa mu nyama yowola, mpaka mu 1668 pamene Francesco Redi anaika nyama m'mitsuko, ina yapululu ina yovindikira ndi kansalu, mphutsi n'kupezeka mu nyama yokhayo imene ntchentche zinkatha kuteramo. Louis Pasteur anamaliza nkhaniyi cha m'ma 1860 ndi msuzi wowiritsa umene anausunga m'mabotolo a khosi lopindika. Mpweya unkalowa, fumbi n'kumatsakamira pakhosi, msuzi osasasa. Atathyola khosilo, msuzi unawonongeka.

Za nankafumbwe zili chonchi. Wamkazi amaboola kabowo pa njere, kawirikawiri chimanga chikadali kumunda, amaikira dzira mkati, kenako n'kumata pabowopo ndi kaulimbo kochokera m'thupi mwake. Ndi maso simungaone kanthu. Kamphutsi kamaswa mkatimo, kamadya njereyo kwa milungu ingapo, n'kudzatuluka kali nankafumbwe wamkulu, kusiya bowo lija timaliona. Munasoka thumba iye ali kale mkati. Matumba osalowa mpweya a PICS amathandiza chifukwa cha mfundo yomweyi ya zamoyo: tizilombo timamaliza okosijeni wa m'thumbamo n'kufa tokha popanda mankhwala.

Ngati zonse zili maselo, bakiteriya ndi munthu amasiyana pati?

Selo la munthu, la bowa, la chimanga ndi la kachilombo ka malungo lili ndi nyukiliyasi, kachipinda kokutidwa kamene DNA imakhalamo, komanso tizigawo tina tokhala ndi ntchito zaketake. Zamoyo zotere ndi ma-eukaryote. Bakiteriya alibe nyukiliyasi, DNA yake imangokhala poyera mkati mwa selo, ndipo selo lake ndi laling'ono kwambiri. Amenewa ndi ma-prokaryote. Mu 1977 Carl Woese anapeza kuti ena mwa ma-prokaryote ndi osiyana kwambiri ndi mabakiteriya moti anafunika gulu lawolawo, la archaea, ndipo mabuku a masiku ano amagawa zamoyo m'magulu akuluakulu atatu chifukwa cha iye.

Kusiyanaku kumagwira ntchito kuchipatala. Penicillin, amene Alexander Fleming anamuzindikira mu 1928, amalepheretsa bakiteriya kumanga khoma lake. Bakiteriya amaphulika, koma selo lanu, limene lilibe khoma lotere, silimva kanthu. Amoxicillin ndi wa banja lomweli. Vairasi ya chimfine ilibe khoma loti ligumulidwe, choncho amene amathamangira makapisozi akangoyetsemula akutaya ndalama, komanso akukolezera vuto limene tilione kutsogoloku.

Mtengo waukulu wa mbawa, thupi lonselo umalitenga kuti? Si m'nthaka?

Ambiri amayankha kuti m'nthaka, ngakhale amene anakhoza bwino MSCE. Jan Baptist van Helmont, wa ku Brussels, anayesa kuti aone. Anadzala kamtengo ka willow kolemera makilogalamu opitirira pang'ono 2 mu dothi louma lolemera makilogalamu pafupifupi 90, anavindikira kuti fumbi lisagweremo, n'kumathirira madzi okha kwa zaka zisanu. Mtengo unafika makilogalamu pafupifupi 77. Dothi lija ataliumitsanso n'kuliyeza, linali litachepa ndi magalamu osakwana 60. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648, mwini wake atamwalira kale. Iye anaganiza kuti mtengo wonse ndi madzi. Analondola ponena kuti si dothi, koma anaphonya chimene sichioneka ndi maso.

Mukaumitsa nkhuni mpaka madzi onse atachoka, pafupifupi theka la kulemera kotsalako ndi kaboni, ndipo kaboni ameneyu wachokera mumpweya. Tsamba limakoka carbon dioxide kudzera m'timabowo take, mizu imabweretsa madzi, ndipo chlorophyll, chobiriwira chija, amagwira kuwala kwa dzuwa. Ndi mphamvu ya kuwalako madzi amang'ambidwa, okosijeni n'kutayidwa kunja, kaboni n'kulumikizidwa kukhala shuga. Shugayo ndi amene amasanduka thabwa, ufa wa m'chinangwa, ulusi wa thonje. Photosynthesis ndi imeneyi. Thumba la makala limene mumaliona panjinga likulowa mu Blantyre m'mamawa ndi mpweya umene mtengo unasonkhanitsa kwa zaka zambiri, ndipo pambaula umabwerera kumene unachokera m'masiku owerengeka.

Ndiye feteleza ndi wachiyani? Chomera chimafunanso zinthu zina, zochepa koma zosati n'kusowa: nayitrojeni womangira mapuloteni, DNA ndi chlorophyll, komanso phosphorus, potassium ndi zina. Chimanga chikayamba chikasu m'masamba a m'munsi, kawirikawiri chasowa nayitrojeni. Chomvetsa chisoni n'chakuti 78 peresenti ya mpweya umene ukuwomba m'mundamo ndi nayitrojeni, koma chimanga sichingamugwiritse ntchito ali choncho. Zulani mtedza, soya kapena nandolo muyang'ane mizu. Mupeza timibulu tomamatira. Ng'ambani kamodzi ndi chikhadabo. Ngati mkati muli mofiirira, mabakiteriya ali pantchito, akusandutsa nayitrojeni wa mumpweya kukhala wodyeka ndi chomera, chomeracho n'kumawalipira ndi shuga. Kasinthasintha wa mbewu amene alangizi amalalikira wagona pa timibulu timeneti.

Ife amene sitingadye dzuwa, mphamvu timazipeza bwanji?

Timamasula zimene tsamba linamanga. Nsima imagayidwa kukhala glucose, magazi amamufikitsa ku maselo, ndipo kumeneko amaphwanyidwa pang'onopang'ono, ntchito yaikulu ikuchitikira mu mitochondria mothandizidwa ndi okosijeni. Zotsala ndi carbon dioxide ndi madzi. Mphamvu yotulukayo imasungidwa mu ATP. Glucose ali ngati K5,000 yathunthu pamsika wa tomato ndi anyezi, ATP ndiye chenje chimene selo limalipirira kanthu kalikonse, kaya kukoka mnofu kapena kutumiza uthenga ku ubongo. Ophunzira ambiri amalakwa poganiza kuti zomera zimangochita photosynthesis, kupuma n'kwa nyama zokha. Zomera nazo zili ndi mitochondria, ndipo zimaphwanya shuga usana ndi usiku.

Okosijeni akasowa, yisiti amaphwanya shuga mosamaliza n'kutulutsa mowa ndi carbon dioxide. Kufufuma kwa buledi ndi kuwira kwa masese n'komweko.

Mitochondria ali ndi DNA yawoyawo, yozungulira ngati ya bakiteriya. Mu 1967 Lynn Margulis analemba kuti kalekale anali mabakiteriya odziimira paokha amene analowa mu selo lina n'kukhazikika. Magazini ambiri a sayansi anakana kusindikiza nkhani yakeyo, koma lero ili m'buku lililonse la chaka choyamba. DNA ya mitochondria munthu amaitenga kwa amayi ake okha. Ndi ya kuchikazi basi.

DNA imalamulira bwanji zochitika m'thupi?

DNA ndi ulusi wolembedwa ndi zilembo zinayi: A, T, G ndi C. Mu selo limodzi la munthu muli ulusi wotalika pafupifupi mamita 2, wokulungidwa m'makolomosomu 46, theka la kwa amayi, theka la kwa abambo. Theka lililonse lili ndi zilembo pafupifupi 3 biliyoni, ndipo majini opanga mapuloteni alipo pafupifupi 20,000. Kapangidwe kake, ka zingwe ziwiri zopotana, kanafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick ku Cambridge, atadalira zithunzi ndi miyezo ya X-ray ya Rosalind Franklin wa ku King's College London. Franklin anamwalira mu 1958, mphoto ya Nobel ya 1962 n'kupita kwa Watson, Crick ndi Maurice Wilkins.

A amagwirana ndi T, G amagwirana ndi C, nthawi zonse. Choncho zingwe zikapatukana, chilichonse chimasonyeza mmene chinzake chimangidwire, ndipo umu ndi mmene selo limakopera DNA lisanagawike. Puloteni ikafunika, jini limakopedwa kukhala RNA, RNA n'kuwerengedwa zilembo zitatuzitatu, zitatu zilizonse zikuimira amino acid mmodzi mwa mitundu 20. Ma-amino acid olumikizanawo ndiwo puloteni.

Kuti muone kulemera kwa chilembo chimodzi, tengani matenda a sickle cell. Mu jini la hemoglobin, A mmodzi wasanduka T. Amino acid mmodzi wasintha. Okosijeni akachepa, hemoglobin wotereyu amagwirana kukhala timitengo, selo lofiira la magazi limapindika n'kutsakamira m'timitsempha, mwana n'kumalira ndi ululu wa m'mafupa usiku wonse.

Makolo awiri akuda angabereke bwanji mwana wachialubino?

Yankho linachokera m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno, kumene Gregor Mendel anadzala nsawawa kuyambira 1856 mpaka 1863. Atakwatitsa zazitali ndi zazifupi, ana onse anatuluka aatali. Ana aja atabereka okhaokha, zazifupi zinabweranso, imodzi pa zinayi zilizonse. Ufupi sunasungunuke mu utali, unangobisala. Anasindikiza zimenezi mu 1866, koma dziko linadzazilabadira mu 1900.

Chialubino chimayenda njira yomweyo. Munthu ali ndi makope awiri a jini lothandiza kupanga melanin, chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso. Amene ali ndi kope limodzi logwira ntchito amakhala wakuda ngati wina aliyense, ndipo sadziwa kuti wanyamula lina losagwira. Bambo ndi mayi onse akakhala otere, pa mimba iliyonse pamakhala mwayi umodzi pa inayi woti mwana alandire makope osagwira awiri. Mvetsani: pa mimba iliyonse, osati mwana wachinayi aliyense. Banja lina likhoza kukhala ndi awiri otsatizana, lina osakhala naye n'komwe. Si tsoka, si chigololo cha mayi, ndipo m'mafupa mwa mwanayo mulibe chuma chilichonse. Chosowa ndi melanin basi, n'chifukwa chake amafunika chipewa, zovala zamikono yaitali, mafuta oteteza ku dzuwa ndi kupimidwa maso.

Mlandu wina umene amayi amaunyamula pachabe ndi wobereka ana aakazi okhaokha. Dzira la mayi limakhala ndi X nthawi zonse. Umuna wa bambo ndi umene umabwera ndi X kapena Y.

Mlimi nayenso amakumana ndi Mendel chaka ndi chaka. Chimanga cha haibridi chogula kusitolo ndi mbadwo woyamba, n'chifukwa chake chimamera chofanana. Mukachibwereza kudzala, zobisika zija zimatuluka: china chachitali, china chachifupi, zokolola n'kutsika. Sikuti mbewu yatopa ayi.

Kusintha kwa zamoyo, alipo anakuonapo ndi maso?

Malawi anakuona, ndipo kunalembedwa ndi manambala. Koma choyamba mfundo yake, imene Charles Darwin ndi Alfred Russel Wallace anaiulula mu 1858, Darwin n'kuitambasula m'buku la 1859. Zamoyo za mtundu umodzi sizifanana ndendende. Kusiyanako kumapita kwa ana. Ana amabadwa ambiri kuposa amene angapulumuke. Ndiye amene ali ndi kanthu kothandiza pamalo amenewo ndi panthawi imeneyo amasiya ana ambiri, ndipo pakapita mibadwo mtundu wonse umapendekera kwa iwo.

Kwa zaka zambiri mankhwala a malungo anali chloroquine. Tizilombo ta Plasmodium falciparum tosamva mankhwalawa tinayamba kuoneka kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi ku South America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo tinafika kum'mawa kwa Africa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Timakonda kunena kuti tizilombo tinazolowera mankhwala, koma palibe kachilombo kanazolowera kapena kuphunzira chilichonse. Mwa tizilombo tosawerengeka, tina tinali ndi kusintha kongochitika mwangozi pa jini la pfcrt, kumene kunkatithandiza kutulutsa chloroquine m'kathumba kamene timagayiramo hemoglobin. Mankhwala anapha tinzake tonse, ito n'kutsala ndi bwalo lonse.

Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba SP, amene ambiri timamudziwa kuti Fansidar. Ndiye panachitika zosayembekezeka. Ku Blantyre, mu 1992, odwala 85 pa 100 alionse anali ndi tizilombo tokhala ndi jini losamva lija. Pofika 2000 anali 13 okha. Mu 2005 ofufuza atayesanso chloroquine kwa ana odwala malungo ku Ndirande, anachiritsa 99 pa 100. Chifukwa chake n'chakuti kusintha kuja sikwaulere. Chloroquine akakhala kulibe, tizilombo tosamva timakhala tofookerapo poyerekeza ndi tinzake, ndiye timagonja. Amene amamasulira Darwin kuti “wamphamvu ndiye amapulumuka” aone apa: kachilombo komweko kanali kopambana mu 1992 n'kukhala kotsalira mu 2000, popanda kusintha iko. Chinasintha ndi mankhwala a m'zipatala. Dziko silinabwerere ku chloroquine, popeza tosamva tija tikanadzukanso, ndipo SP naye atayamba kulephera, mankhwala a LA analowa m'malo mu 2007.

Mabakiteriya amachita zomwezi ndi maantibayotiki. Makapisozi a chimfine aja saikhudza vairasi, koma amapha mabakiteriya ofooka a m'thupi mwanu n'kusiya osamva. Ndipo jini la sickle cell silinathe mu Africa pa chifukwa chofanana. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kum'mawa kwa Africa kuti amene ali ndi kope limodzi lokha amatetezeka ku malungo oopsa. Kumene kuli udzudzu, jini lopweteka ana ena limapulumutsa abale awo ambiri.

Izo ndi tizilombo. Koma mtundu watsopano wa nyama ungabadwe?

Pitani ku Cape Maclear, muvale galasi la m'madzi, muyang'ane pamiyala. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya pamtunda padziko lapansi. Ya banja la cichlid yokha ilipo mazanamazana, ena amati ikhoza kufika 1,000, ndipo pafupifupi yonse siipezeka kwina kulikonse. Mbuna, utaka, ncheni ndi chisawasawa zinachokera kwa kholo limodzi m'zaka pafupifupi miliyoni imodzi, nthawi yochepa kwambiri pa nkhani zotere. Chambo nacho ndi cichlid koma cha nthambi ina. Usipa ndi kampango si za banjali.

Zinagawikana bwanji? Mbuna imakakamira pamiyala, siikonda kudutsa mchenga kapena madzi akuya. Yaikazi imafungatira mazira ndi tiana m'kamwa, choncho tiana sititengedwa ndi mafunde kupita kutali, timakulira pamwala pomwe tabadwira. Za ku Likoma zimakhala pazokha, za ku Mbenji pazokha. Onjezani kuti yaikazi imasankha mwamuna poyang'ana mtundu wake, wabuluu kapena wachikasu, wamizere kapena wamawanga. Magulu awiri akapatukana kwa nthawi yaitali, amafika posazindikirananso ngakhale atakumana.

Kadyedwe nako kanasiyana. Zina zimapala ndere pamwala, zina zimaswa nkhono ndi mano a pakhosi, zina zimasefa mchenga, zina zimabudula mamba ndi zipsepse za zinzake. Kaligono amagona chammbali pansi pa nyanja ngati wafa, tinsomba tikabwera kudzatola nyama yaulere, iye n'kutimeza. UNESCO inaika Lake Malawi National Park pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba zimenezi.

Ndiye mukuti munthu anachokera kwa nyani?

Bayoloji sinena choncho. Imanena kuti munthu ndi chimpanzi anachokera kwa kholo limodzi limene linakhalako zaka pafupifupi 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, ndipo kholo limenelo silinali munthu kapena chimpanzi. Anyani amene amaba chimanga m'mphepete mwa mapiri ndi achibale akutali kuposa pamenepo, ndipo sakudikira kusanduka anthu. Umboni uli mu DNA ndi m'mafupa akale. Lina mwa mafupawo linapezeka ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991: chibwano cha Homo rudolfensis cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, chimodzi mwa zakale kwambiri za gulu la Homo. Mtundu wathu, Homo sapiens, unayamba mu Africa zaka pafupifupi 300,000 zapitazo.

Ophunzira ena phunziroli limawasowetsa mtendere chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Mphunzitsi wabwino sawaseka, komanso sadumpha mutuwo. Namwino amene sakumvetsa mmene zamoyo zimasinthira sangamvetse chifukwa chimene TB ina siimva mankhwala.

Zimene zili m'bukuzi tingazikhulupirire bwanji, poti sayansi imasinthasintha?

Imasinthadi, koma pali lamulo la kasinthidwe kake. Munthu amaona chinthu, amaganizira chifukwa chake, kenako amakonza njira yoyesera imene ikhoza kumutsutsa. Pamafunika gulu loyerekezera, monga mitsuko yovindikira ya Redi ija, ndipo ena ayenera kubwereza n'kupeza zomwezo. Ophunzira ambiri amaiwala gulu loyerekezera mu labu, kenako n'kumadabwa atalandidwa malikisi. Akuyenera kulandidwa, chifukwa popanda gululo simungadziwe ngati mbewu yakula chifukwa cha feteleza wanu kapena chifukwa cha mvula.

Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsidwa kuti zilonda za m'mimba zimayamba ndi nkhawa ndi asidi wochuluka, ndiponso kuti palibe bakiteriya angakhale mu asidi wa m'mimba. Ku Perth, ku Australia, Robin Warren ankaona mabakiteriya opotana m'tizidutswa ta m'mimba mwa odwala, ndipo mu 1982 iye ndi Barry Marshall anakwanitsa kuwaweta mu labu. Anzawo sanakhulupirire. Mu 1984 Marshall anamwa mabakiteriyawo dala, ndipo patapita masiku ochepa anayamba kusanza, m'mimba mutatupa. Nkhaniyi imakoma kuifotokoza, koma munthu mmodzi womwa tizilombo si umboni wokwanira. Chimene chinagonjetsa otsutsa ndi kafukufuku wa odwala ambiri ogawidwa m'magulu: amene anapatsidwa mankhwala opha Helicobacter pylori zilonda zawo sizinkabweranso kawirikawiri, pamene amene anangopatsidwa ochepetsa asidi zinkawabwerera. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Lero munthu wa zilonda za m'mimba akapimidwa n'kupezeka ndi bakiteriyayu, amapatsidwa maantibayotiki pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi kwa mlungu umodzi kapena iwiri, m'malo mongouzidwa kuti azimwa mkaka n'kuchepetsa maganizo.